Tifunseni za Kavalidwe: Fasho Ikasintha, Kodi Nafenso Tisinthe?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akuzungulira nkhani imodzi, ngakhale kuti aliyense waifunsa mwanjira yake: kodi munthu achite chiyani fasho yatsopano ikabwera koma yosagwirizana ndi thupi lake, ntchito yake kapena mtima wake? Ndasankhapo anayi, ndipo ena ndawafupikitsa pang'ono kuti malo akwane.

Buluku lotambalala landimeza

*Azakhali, ndine mayi wa zaka 38, wamfupi komanso wodzaza m'chiuno, ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuvala mabuluku othina m'miyendo, koma mwana wanga wamkazi akuti amenewo adatha kalekale, masiku ano anthu akuvala otambalala. Ndidagula limodzi, koma nditaima pagalasi ndidaoneka ngati ndalowa m'thumba. Kodi ndikakamire fashoyi, kapena ndibwerere ku zakale anthu azindinena kuti ndine wotsalira?*

Mayi, mwana wanu sakunama kuti mabuluku otambalala abwereranso, koma inu mudatenga fashoyo yathunthu monga mudaionera pa munthu wina, amene mwina ndi wamtali kwambiri kukuposani ndipo tsiku lake salithera pampando wa mu ofesi. Fasho iliyonse ili ndi zigawo zake: kadulidwe, utali, mtundu, nsalu komanso tinthu tokongoletsera. Palibe lamulo lakuti mutenge zigawo zonsezo pamodzi. Mungathe kuimasula monga telala amamasulira msoko, n'kutengapo chigawo chimodzi kapena ziwiri zimene zikukuyenerani, zotsalazo n'kuzisiyira ena.

Mawu akuti "zidatha" musamawaope kwambiri, chifukwa zovala zimangozungulira. Pa 12 February 1947, katswiri wokonza zovala Christian Dior adaonetsa ku Paris madiresi othina m'chiuno okhala ndi masiketi aatali, otambalala, odya nsalu yambiri, pamene anthu anali atazolowera zovala zosawononga nsalu chifukwa cha kusowa kwa zinthu pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Amayi ena ku America adafika pochita zionetsero zokana masiketi aataliwo. Pasanathe zaka 20, Mary Quant ku London ndi André Courrèges ku Paris adatchukitsa siketi yolekezera pamwamba pa maondo, ndipo zija za Dior zidayamba kuoneka zachikale. Mabuluku otambalala kumunsi amene mwana wanu akuwaona ngati achilendo, agogo ake a msinkhu wina adavina nawo m'zaka za m'ma 1970. Othina amene mumawakondawo adalamulira kuyambira m'zaka za m'ma 2000, ndipo sindikukayika kuti tsiku lina adzatulukanso m'makabati.

Tsopano tibwere pa buluku lanulo. Livaleni, muime pagalasi lalitali loonetsa thupi lonse, mutavala nsapato zimene mumapita nazo kuntchito. Yang'anani kaye pamene lamba wake wakhala. Ngati wakhala m'munsi mwa mchombo, miyendo yanu ioneka yaifupi kuposa momwe ilili. Buluku lotambalala limamukhala munthu wamfupi likamangidwa pamwamba, pamalo pamene chiuno chimaning'a, chifukwa diso la woona limayesa utali wa mwendo kuyambira pa lamba kutsika. Kenako yang'anani mpendero. Uyenera kutsika mpaka kuphimba mbali yaikulu ya nsapato, n'kusiya kampata ka sentimita imodzi kapena awiri kuchokera pansi. Ukamakhwekhwereza pansi umanyamula fumbi ndipo umatha msanga, koma ukalekezera pakati pa katumba umadula mwendo pamalo pamene uli waukulu. Chachitatu, chimene ndikukhulupirira kuti ndicho chidakulowetsani m'thumba muja, ndi chovala cha kumtunda. Kumunsi kukatambalala, kumtunda kuyenera kugwira thupi, choncho pisirani bulauzi m'kati kapena valani jekete lalifupi lolekezera m'chiuno. Mukaphatikiza buluku lalikulu ndi malaya aakulu olendewera, chiuno chimasowa, ndipo munthu amaoneka ngati wabwereka zovala za mkulu wake.

Nsalunso ili ndi mbali yake. Youma ngati jinzi yokhuthala imaima payokha n'kukulitsa thupi, pamene yofewa, yolemererako pang'ono, imatsetsereka kuchokera m'chiuno n'kugwa mowongoka. Mukayesa zonsezi koma mtima osakhazikika, pitani nalo kwa telala kuti abweze miyendo pang'ono kuyambira m'bondo kutsika, likhale lowongoka, losathina komanso losatambalala kwambiri. Mukatero mudzakhala mwasuntha kuchoka pa zakale popanda kudzitaya. Ineyo ndidagulapo diresi la manja otukumuka chaka chimene aliyense ankavala otero, ndipo mapewa anga, amene ndi aakulu kale, adandionetsa ngati ndikupita kukamenya nkhonya. Telala adaphwetsa manjawo, n'kungosiya timakwinya tochepa paphewa, ndipo diresilo ndikulivalabe mpaka lero.

Suti yaikulu kapena yogwira thupi?

*Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 25, wamtali ndi wochepa thupi, ndipo ndangoyamba kumene ntchito yofuna suti. Pa Instagram ndikuona oimba ndi osewera mpira atavala masuti aakulu olendewera. Ndili ndi mwayi wogula suti imodzi yokha. Ndisankhe iti?*

Mwanangu, popeza suti yake ndi imodzi, isakhale yofuula. Anthu amene mukuwaona pazithunziwo amavala chovala kamodzi, kwa maola ochepa, pali wina wowakonzera ndi wina wowajambula, pamene yanuyo muzikwera nayo basi, kukhala nayo m'misonkhano ndi kupita nayo kumaukwati kwa zaka zingapo. Gulani ya mtundu wabuluu wodera kapena wotuwa moderako, ndipo poyesa muyambire pamapewa. Msoko wa phewa uzithera pamene fupa la phewa lanu lathera. Telala angathe kufupikitsa manja, kubweza m'mimba ndi kupinda buluku mosavuta, koma kukonza mapewa a jekete ndi ntchito yaikulu yofuna kumasula pafupifupi chovala chonse, ndipo kawirikawiri sichibwerera mwakale. Manja a jekete azisiya kansonga ka malaya kakuoneka, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo mukamanga batani pasaoneke makwinya okokana pamimba.

Fasho yomasukayo mungathe kuilowetsa kudzera m'buluku. M'malo mwa lothina ngati sokosi, limene pa munthu wochepa thupi limaonetsa miyendo ngati mabango, sankhani lomasukako m'ntchafu, ngakhale lokhala ndi kapinda kamodzi kutsogolo. Anzanu adzaona kuti mukuyenda ndi nthawi, abwana anu adzaona munthu wodzisamala, ndipo masuti aakuluwo akadzatha inu simudzakhala ndi chotaya. Pa tayi, onetsetsani kuti kukula kwake kukufanana ndi kukula kwa kolala ya jekete.

Akuti mitundu yowala siindikhala

*Azakhali, khungu langa ndi lakuda kwambiri, ndipo kuyambira ndili mwana akuluakulu ankandiuza kuti ndizipewa zofiira ndi zachikasu. Tsopano ndimamva kuti chaka chilichonse chili ndi mtundu wake. Amasankha ndani, ndipo ine ndizitani ngati mtunduwo sundiyenera?*

Achemwali, amene adakuuzani zimenezo adakulakwirani, chifukwa khungu lakuda limanyamula mitundu yowala bwino kwambiri: chikasu, zofiira, zobiriwira ngati msipu ndi zoyera mbee zimawala pa inu kuposa momwe zimawalira pa anthu ambiri. Mitundu imene nthawi zina imavuta ndi yofwifwa, yooneka ngati yasuluka, komanso imene yayandikana kwambiri ndi khungu lanu, popeza nkhope ndi chovala zimangosakanikirana.

Mtundu wa chaka umene umatchuka kwambiri umalengezedwa ndi kampani ya ku America yotchedwa Pantone, imene ntchito yake yeniyeni ndi kupereka manambala ku mitundu kuti osindikiza ndi opanga nsalu m'maiko osiyanasiyana azimvana. Idayamba kulengeza mtundu wa chaka cha 2000, ndipo wa 2023 unali wofiira mopita ku pinki umene adautcha Viva Magenta, wa 2024 unali wa olenji wofwifwa wotchedwa Peach Fuzz, pamene wa 2025 unali wa bulauni wotchedwa Mocha Mousse. Palinso makampani olosera fasho, monga WGSN ya ku London, amene amagulitsa malangizo kwa opanga zovala kudakali chaka kapena zaka ziwiri nsalu zisanafike m'masitolo. N'chifukwa chake mumadabwa kuona masitolo osiyana atadzaza mtundu umodzi nthawi imodzi. Anthu amenewa amayang'ana msika wa dziko lonse, nkhope yanu sadaionepo.

Woweruza wanu akhale galasi ndi kuwala kwa dzuwa. Imani pafupi ndi zenera masana, musanadzole kanthu kumaso, muike nsaluyo pansi pa chibwano. Mtundu wokuyenerani umawalitsa maso ndi kusalalitsa nkhope, pamene wosakuyenerani umakuonetsani ngati mwadzuka ndi malungo. Magetsi a m'sitolo amanamiza, choncho pemphani kuti mukaione nsaluyo pakhomo. Ngati mtundu wa chakacho mwaukonda koma ukukana nkhope yanu, utsitseni kutali ndi nkhope: pa siketi, pa nsapato, pa lamba kapena pa chikwama, ndipo pakhosi muikepo mtundu umene mukudziwa kuti ndi wanu.

Kabati yadzaza koma ndilibe chovala

*Azakhali, ndine wophunzira wa zaka 21. Ndikangoona sitayilo yatsopano pa TikTok ndimaitanitsa pa intaneti. Zina zimabwera zosandikwana ngakhale ndalemba saizi yanga, zina zimatha nditachapa kawiri. Kabati yadzaza, koma m'mawa uliwonse ndimasowa chovala, ndipo sindikudziwanso kuti sitayilo yanga ndi iti.*

Mwanangu, akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo kalata yanu yandikumbutsa mwambi umenewu. Kale fasho inkayenda ndi nyengo: zionetsero zikuluzikulu za zovala za amayi ku New York, London, Milan ndi Paris zimachitika kawiri pachaka, cha mu February ndi cha mu September, ndipo anthu ankakhala ndi miyezi yoti aganize. Makampani monga Zara ndi H&M adafupikitsa ulendo wochoka pa chithunzi kufika m'sitolo kukhala wa milungu yochepa, ndipo Shein imaika zovala zatsopano pa intaneti tsiku lililonse. Liwiro limenelo palibe thumba kapena kabati imene ingalikwanitse. Lilinso ndi mtengo umene ena amalipira: pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, mmene munali mafakitale osoka zovala zogulitsa kunja, idagwa n'kupha anthu oposa 1,100.

Za saizi, dziwani kuti nambala ya pa chovala si muyeso wa dziko lonse. Diresi limene ku Britain amalilemba 12, ku America kawirikawiri ndi 8, ku France ndi 40, ndipo ngakhale m'dziko limodzi makampani awiri amasiyana kadulidwe. Tengani tepi ya telala, wina akuyezeni pachifuwa, m'chiuno, m'matako ndi utali wa mwendo kuchokera m'mphechepeche, mulembe masentimitawo m'foni, ndipo muziyerekeza ndi miyeso imene wogulitsa walemba musanalipire. Muziwerenganso kansalu kolembedwa zopangira chovalacho. Thonje ndi linen zimapitisa mphepo ngakhale zimachita makwinya, poliyesitala sachita makwinya koma amasunga thukuta ndi fungo, ndipo elastane wochepa amathandiza chovala kutamuka, koma akachuluka m'nsalu yopyapyala maondo ndi zigongono zimatukumuka msanga. Chovala chikafika, tembenuzani muone msoko m'kati ndi kuukoka pang'ono. Ulusi ukamaonekera motalikirana, dziwani kuti ndi chikomekome cha nkhuyu.

Funso lanu lomaliza, lakuti sitayilo yanu ndi iti, yankho lake lili kale m'kabati yodzazayo. Tulutsani zovala zisanu zimene mumazivala kawirikawiri, zija mumazichapa usiku kuti mawa muzivalenso, muziyale pabedi. Muona kuti zili ndi chofanana, kaya ndi mtundu, kaya ndi khosi lotseguka, kaya ndi utali wolekezera pansi pa bondo, kaya ndi nsalu yosakanda thupi. Lembani mawu atatu ofotokoza zimene mwaonazo, mwachitsanzo "zomasuka, zamtundu umodzi, zosafuna kusita", ndipo sitayilo iliyonse yatsopano muziiyesa ndi mawu amenewo. Mu 1985 wokonza zovala Donna Karan adatchuka ku New York ndi zovala zisanu ndi ziwiri zokha zimene mayi ankatha kuzisinthanitsa kuyambira kuntchito mpaka kuphwando la madzulo, ndipo nzeru yake ikugwirabe ntchito: chovala chatsopano chizilowa m'kabati pokhapokha chikugwirizana ndi zina zitatu zimene muli nazo kale.

Mukaona chinthu chokukopani pa foni, chisungeni milungu iwiri musanachigule. Zambiri mudzaziiwala sabata isanathe, ndipo chimene chidzakhalabe m'maganizo mwanu muchiyese ndi mawu atatu aja. Zodzaza kabatizo muzigawe patatu Loweruka likubwerali: zoti muzivala, zoti telala akonze, ndi zoti mupatse ena amene zingawakwane. Mukatha mwezi umodzi osaitanitsa kanthu, mundilemberenso kuti ndimve zimene mwapeza pansi pa mulu umenewo.