Chifukwa chake Didymosphenia geminata imasiyana kukula

Achimwene, mwafunsa ngati zithunzi zoonetsa ndere za m'mitsinje zotchedwa Didymosphenia geminata, zazikulu ndi zazing'ono, zili za mtundu umodzi, komanso kumene nderezi zimapezeka. Ndi mtundu umodzi ndithu, ndipo kusiyanako kumachokera pa chigoba chake.

Kanthuka ndi selo imodzi yokha, yotalika pafupifupi milimita 0.1, yokhala m'chigoba cha silika, chinthu cholimba chonga galasi. Chigobacho chili ndi magawo awiri, lina lovundikira linzake ngati chidebe ndi chivundikiro chake. Selo ikagawikana, mwana aliyense amatenga gawo limodzi lakale n'kuumba latsopano m'kati mwake. Silika satanuka, choncho amene watenga gawo lam'kati amabadwa wocheperako. Mibadwo ikamapita ambiri amanka nachepa, ndipo utali umatsika msanga kuposa m'lifupi. Ndi chifukwa chake ang'onoang'ono amaoneka ojintcha. Akachepa kwambiri amapanga selo yapadera yotchedwa auxospore, imene imabwezeretsa msinkhu woyamba uja.

Ndiye musadalire kukula pozindikira mtunduwu. Pa maikulosikopu yang'anani mutu wotupa, khosi lolowa m'kati, ndi mng'alu wodutsa pakati wotchedwa raphe, umene umathandiza selo kuyenda. Pakatikati, mbali imodzi yokha, pamakhala timabowo tingapo. Kumapazi kuli timabowo tina totulutsa phesi lomatirira pa mwala. Zinthu zotuwa, zokhuthala zimene ndereyi imayanga m'mitsinje, kwambiri ndi mapesi amenewa, osati maselo.

Katswiri wa zomera wa ku Denmark, Lyngbye, ndiye adaifotokoza koyamba mu 1819, kuchokera kuzilumba za Faroe, ndipo kwa zaka zambiri inkadziwika ngati ndere ya m'mitsinje yozizira ya kumpoto kwa Europe, Asia ndi North America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 idayamba kuyanga pa chilumba cha Vancouver ku Canada. Mu 2004 idapezeka mu mtsinje wa Waiau ku New Zealand, kenako mu 2010 idayanga ku Chile. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti imayanga kwambiri m'madzi oyera, osowa fosiforasi (mchere wokulitsa zomera), pomwe ndere zambiri zimachuluka m'madzi a michere yambiri.

Akatswiri amasiyana maganizo. Ena amati idafalitsidwa ndi nsapato ndi zida za owedza, ena amati m'malo ambiri idalipo kale, chimene chidasintha ndi madziwo. Ku New Zealand ine ndimaona kuti umboni woti idabwera ndi anthu ndi wamphamvu, ndipo boma kumeneko lidachita bwino kuletsa nsapato zowedzera zokhala ndi felt (nsalu yokhuthala yosunga chinyezi) kunsi kwake mu 2008.