Nyumba yamiyala ya agogo ku Mulanje, tiwonjezere bwanji chipinda chamakono?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe ali ku Johannesburg koma kwawo ndi ku Mulanje, cha ku Likhubula uko. Akuti agogo awo anali kapitawo ku esiteti ya tiyi ndipo anasiya nyumba yamiyala ya zipinda zitatu yomangira dothi, pano ikudontha, khoma lakumbuyo lang'aluka, ndiye akufuna aikonze kenako alumikizeko chipinda cha self-contained ndi pabalaza pa mawindo akuluakulu oti azionera phiri. Bilidala wawauza kuti angopulasitala yonse ndi simenti, khoma latsopano alilowetse m'lakalelo. Funso lawo ndi loti zimenezi zili bwino?

Achimwene, kuwonjezera kutheka ndithu ndipo ndasangalala kuti simunaganize zogwetsa, koma njira ya bilidala wanuyo ayi, chonde muuzeni adikire kaye.

Nkhani yagona pa madzi. Inu mukudziwa mvula ya ku Mulanje mmene imagwera, ikatha ya dzinja kumabweranso chiperoni kuyambira cha mu May mpaka August, khoma limakhala lonyowa miyezi yambiri pachaka. Khoma lamiyala lomangira dothi kapena laimu limamwa chinyontho koma dzuwa likawala limachitulutsanso kudzera m'mipata ya pakati pa miyala ija, ndi chifukwa chake nyumbayo yafika mpaka lero. Mukalimata simenti mwalitseka pakamwa. Madzi azilowabe kuchokera pansi poti nyumba zakalezi zambiri zilibe pepala lotchinga chinyontho lija la DPC pa fandeshoni, azilowanso m'ming'alu ya pulasitala, koma potulukira palibe, ndiye dothi lamkati limafewa, penti kumatupa, m'nyumba kumanunkha chuku, tsiku lina pulasitala yense amangosendeka ngati khungwa atatenga ndi miyala yomwe. Ine zimandipweteka kwambiri ndikaona nyumba yoti inapirira zaka zonsezi ikuwonongeka chifukwa cha matumba a simenti omwe mwini wake anagula ndi mtima wofuna kuiteteza.

Chofunika ndi laimu womangira, osati wopaka uja wa whitewash yekha ayi, funsani bwinobwino ku hardware, wina amachokera ku Balaka. Muyezo umodzi wa laimu, itatu ya mchenga wakumtsinje wosefa. Mmisiri akolokose dothi lofumbutuka pakati pa miyala, anyowetse, kenako azikanikizamo laimuyo pang'onopang'ono, miyala izioneka. Ndi ntchito yochedwa, ndiye mukagwirizana mtengo wa changu adzakuphikirani.

Koma musanafike pamenepo yambani ndi denga. Malata atsopano otuluka bwino kunja kuti mvula isamamenye khoma, ma gutter, komanso ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsa madzi ochoka kuphiri. Pa ngalandepa musachite mphwayi, tonse tikukumbuka zomwe namondwe Freddy anachita mu March 2023 ku Mulanje ndi ku Phalombe, funsani akuluakulu a m'mudzimo komwe madzi anadutsa nthawi imeneyo ndipo mbali imeneyo musamangeko chipinda chatsopano. Posasula denga yang'anani mitengo yake. Ngati ndi mkungudza, mudzaudziwa ndi fungo, musalole munthu aunyamule kuti ndi nkhuni, chiswe sichiukonda ndipo lero kudula mkungudza m'phiri ndi mlandu, simudzaupezanso. Ngati denga ndi la asibesitosi lija la nyumba za m'maesiteti, asaliswe kapena kulicheka, fumbi lake limawononga mapapo.

Za mng'alu uja, matani kapulasitala kakang'ono modutsa mng'aluwo, lembanipo deti, mudikire dzinja lidutse. Kakapanda kusweka ndiye kuti khoma linakhazikika kale, mungotseka. Kakasweka ndiye kuti pansi pakuyendabe, apo pakufunika injiniya aone ndi maso, osati kungoweruza pa zithunzi za pa WhatsApp.

Tsopano chipinda chatsopanocho. Nyumba ya agogo inamaliza kale kukhala pansi, yatsopano ikhala ikutsikabe pang'ono zaka zoyambirira, ndiye mukazilumanitsa khoma ndi khoma zidzakokana ndipo chong'aluka ndi chakalecho. Komanso kukumba fandeshoni yakuya mogundana ndi khoma lakale ndi kulichotsera poponda, poti maziko a nyumba ngati zimenezi nthawi zambiri sapita pansi kwenikweni. Ine ndikanakhala inu ndikanamanga yatsopanoyo payokha, mamita awiri kapena atatu kuchoka pa yakale, ndi fandeshoni yake, DPC yake, mabuloko a simenti ndi ring beam yake (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma), kenako n'kuzilumikiza ndi kakhonde kofolera kopepuka, kaya kagalasi kaya kamatabwa. Polowera gwiritsani ntchito chitseko chomwe chilipo kale kapena tsitsani windo likhale khomo, kuboola khoma lamiyala pamalo atsopano kumagwedeza miyala yambiri kuposa mmene mungaganizire. Bafa, toileti ndi mapaipi onse zipite ku yatsopanoyo, madzi atalikirane ndi dothi la m'khoma la agogo. Ndipo musavutike kuti ziwirizi zifanane, yamiyala ioneke yamiyala, yatsopano ioneke yatsopano koma isatalike kuposa inzake.

China chomwe simunafunse koma ndikuuzanibe. Kwathu kuno malo amayendera kuchikazi, ndiye musanatumize ndalama khalani pansi ndi amalume ndi azichemwali anu, amfumu adziwe, mulemberane kuti chipinda chatsopanocho ndi cha ndani.

Ntchito ya laimu ichitike mvula ikatha, nyengo ya chiperoni ndi yabwino poti laimu amafuna kuuma mochedwa. Ikakupezani mu October dzuwa likuswa mtengo, afunditse khomalo masaka onyowa masiku angapo.