Malo otchipa m'mbali mwa Bua, ndimangepo nyumba?

Achimwene ena a ku Kasungu anditumizira imelo, akuti awapezera malo otchipa kufupi ndi mtsinje wa Bua ndipo mwini wake akulumbira kuti madzi sanafikepo pamenepo chibadwire chake. Funso lawo ndi loti amange kapena ayi.

Achimwene, wogulitsa sangakuuzeni kuti pamasefukira, iyeyo akufuna ndalama basi. Komanso ngakhale atakhala kuti akunena zoona, Bua wa lero si uja ankamudziwa agogo athu ayi. Kumtundaku mitengo inatha ndi zigafa za fodya, makala ndi mauvuni a njerwa, ndiye mvula ikagwa madzi sakulowanso pansi, akungothamanga atanyamula dothi n'kukalisiya mumtsinje, mtsinjewo ukukwiririka chaka ndi chaka moti madzi omwe kale ankakwanamo bwinobwino pano akusowa kolowera, akutulukira m'minda ndi m'makomo mwa anthu. Musaiwalenso kuti Bua amachokera ku Mchinji ndipo panjira amalandira madzi a Rusa, ikhoza kugwa yamphamvu kumeneko kwanu kuli dzuwa phwee, usiku mungodzidzimuka mphasa yanyowa. Anzathu a ku Nkhotakota anaziona mu 2024 Dwangwa atasefukira, ndipo Dwangwayo gwero lake ndi konkuno ku Kasungu.

Malowo mukawaone mu February, osati mu October pomwe paliponse pamaoneka pouma. Muyang'ane ngati pali bango, dothi lakuda lamakande, kapena zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo, pomwe zakodwapo ndi pomwe madzi anafika. Mufunsenso amayi olima madimba chapafupi, iwowo alibe chobisa.

Za mapepala musangodalira mawu a amfumu okha. Malamulo a za malo anasintha mu 2016, pitani ku khonsolo, ku ofesi ya za malo, akuuzeni ngati pamenepo n'pololedwa kumanga. A DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chaka chilichonse amakhalira kuchenjeza kuti anthu asamukire kumtunda koma ife timamva madzi akafika m'mawondo.

Ine ndikanakhala inu nyumba ndikanamanga pachitunda, kumtsinjeko n'kusiyako dimba la tomato ndi chimanga chachiwisi nthawi yachilimwe. Koma osalima mpaka m'gombe, musiyeko mpata mudzalemo nsungwi ndi vetiva zigwire dothi. Chimbudzi ndiye chisayandikire n'komwe, chikadzadza madzi kolera wake ndi wa mudzi wonse.