Yambirani ku Salima kuti mwera uzikukankhani kumsana

Achimwene, mwati mwagula njinga ya matayala opyapyala, muli ndi tchuthi cha sabata imodzi mu Julayi, ndipo mukufuna msewu wa phula wodutsa m'midzi, wa nyanja ndi nkhalango. Mwatinso maganizo anu ndi okwera basi mpaka ku Mzuzu kenako n'kumapalasa chotsika kutsata nyanja kukathera ku Salima. Msewu mwasankha wabwino, M5 ndi yomweyo. Koma ulendowo muutembenuze: yambirani ku Salima, muzikwera kumpoto.

Ndikudziwa chimene chakukopani. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 pomwe nyanja siifika ndi 500 omwe, ndiye mwawerengera kuti njinga izingodziyendera yokha. Kutsetserekako kulipodi, koma kumathera pa Nkhata Bay, makilomita osakwana 50. Otsalawo, pafupifupi 300, ndi chigwa cha m'mbali mwa nyanja, ndipo m'chigwa bwana ndi mphepo. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti kumaomba mwera, wochokera kummwera chakum'mawa, womwe uja asodzi akauona amangokokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka maukonde. Ine ndinachita zomwe mukufunazi mu Julayi momwemu. Pofika m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, pamalo osalala ngati mphasa, ndinali pa giya yokwerera phiri, mutu pansi, mchenga m'mano. Mkulu wina wa kabaza akuchokera kutsogolo kwanga anandidutsa atanyamula mayi ndi thumba la ufa, sakupalasa n'komwe, mphepo ikumugwirira ntchito. Anandiyang'ana n'kuseka. Chaka chotsatira ndinayambira kummwera, ndipo msewu womwewo unali wina.

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pa M14. Ine gawo limeneli ndimalikwera pa galimoto, miyendo ndiisungire kutsogolo. Mukatsikire pa Kaphatenga, pomwe M5 imapatukira kumpoto musanalowe m'tauni ya Salima. Ngati mukufuna kugona pamadzi usiku woyamba, Senga Bay ili makilomita ngati 20 kuseri kwa tauni, kungoti m'mawa mudzayenera kubwerera.

Tsiku loyamba, Salima mpaka Nkhotakota, makilomita pafupifupi 110, ndi lalitali komanso, kunena zoona, losakoma kwenikweni. Nyanja simuiona. Mudutsa Khombedza, Benga, minda ya chinangwa, malambe, mbuzi zogona pa phula. Madzi mudzayamba kuwaona bwino pa mlatho wa Chia, pomwe thamanda lalikulu lija limakumana ndi nyanja ndipo anyamata amaimika magalimoto atanyamula nsomba m'manja. Choti musamale nacho pa gawo limeneli ndi msewu weniweniwo. Malo ambiri ndi wopapatiza, m'mphepete munadyeka, ndipo milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi. Mukamva hutala ya basi kapena thiraki kumbuyo musalimbane nayo, patukani. Koma popatukapo ndi pomwe tayala lopyapyala limagwetsa munthu: kuchoka pa phula kugwera pa mchenga, gudumu lakutsogolo limangomira. Chepetsani liwiro musanatsike, ndipo ngati foloko ya njinga yanu ikulola, ikani matayala a mamilimita 32 m'malo mwa 25 omwe njinga zotere zimabwera nawo. Mudzandithokoza pa zigamba za phula ndi pomwe pali msewu wapambali wa dothi.

Ku Nkhotakota gonani. Madzulo mungakaone mkuyu womwe David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Uli m'tauni momwemo. Mudye mpunga wa kumeneko.

Mwatchula nkhalango, ndiye ndikudziwa kuti mukayang'ana mapu mtima udzakukokerani ku M18, msewu wochoka pa Nkhotakota kulowera ku Kasungu. Umadutsa mkati mwenimweni mwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Musaupite nokha pa njinga. Nkhalangoyo akuiyang'anira a African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Njovu ikatulukira pa chitunda, wa galimoto amabwerera m'mbuyo, wa njinga alibe pothawira. Mulinso akashembe, omwe amakonda nsalu yakuda ndi yabuluu ndipo amaluma kudutsa kabudula wothina wa opalasa njinga. Ngati mukufuna kuona nyama, siyani njinga pogona, mulowe pa galimoto kudzera pa geti. Nkhalango yoti mupalasemo ikukudikirani kutsogolo.

Tsiku lachiwiri likhale lalifupi: Nkhotakota mpaka Dwangwa, makilomita osakwana 60, kuwoloka mtsinje wa Bua. Julayi ndi nyengo yodula nzimbe, choncho mathirakitala ndi magalimoto onyamula nzimbe amakhala ali pikitipikiti kulowera ku fakitale ya shuga, ndipo zogwa pamsewu zimaterera. Pa Dwangwa gulani zonse zofunika ndipo tapani ndalama. Ngati miyendo ikadalipo, pitirirani pang'ono mukagone cha ku Ngala, pamadzi.

Tsopano, chifukwa chenicheni chomwe ndimabwererabwerera pa msewu umenewu chimayambira mukawoloka Dwambazi kulowa m'boma la Nkhata Bay. Mapiri a Viphya amasendera kufupi kudzanja lamanzere, obiriwira ngakhale m'chilimwe chifukwa kuno mvula imagwa yambiri. Kudzanja lamanja nyanja imayamba kuonekera pakati pa mitengo ya mango, kenako n'kubisala, kenako n'kutulukiranso. Magalimoto amachepa moti mumatha kuyenda mphindi zingapo mukungomva tcheni chanu ndi mafunde. Mudutsa Tukombo, Kande, mpaka Chintheche, makilomita pafupifupi 95 kuchokera pa Dwangwa. Mchenga wake ndi woyera mbee. Usipa amauyanika pa matandala m'mbali mwa msewu, fungo lake limakupezani musanawaone. Mukaona chinthu chonga utsi wakuda chitaima pakati pa nyanja, si moto ayi, ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timene anthu a kuno amatigwira n'kupanga ndiwo. Zikafika kumtunda mukupalasa, tsekani pakamwa. Kuno ndi kwa Atonga, ndipo “yewo” mmodzi amatsegula zambiri. Ana adzakuthamangitsani akukuwa, ena kukufunsani chifukwa chomwe munthu wamkulu wovala chisoti akuvutikira njinga yopanda keliyala. Pafupi ndi Chintheche pali Bandawe, pomwe amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale ndi manda a amishoniwo zikadalipo, ndi kupatuka pang'ono chabe. Pa Chintheche ndingakulangizeni kugona masiku awiri. Tsiku lopuma mwalilipira kale ndi mwera uja.

Chakudya cha kuno ndi kondowole. Ngati simunazolowere, idyani madzulo, osati masana mukadali ndi makilomita 40 patsogolo, chifukwa imakhala m'mimba ngati mwala. Masana nthochi, chinangwa chophika, tiyi ndi mandasi zimakwana.

Kuchoka pa Chintheche kupita ku Nkhata Bay ndi makilomita ngati 40 okha, koma ndi pomwe pali nkhalango yomwe mukufuna. Msewu umasiya nyanja n'kulowa m'munda wa mitengo ya labala wa Vizara. Mitengo yake ndi yobzala m'mizere, yaitali, yokumana pamwamba, moti mumachoka padzuwa n'kulowa mumthunzi wozizira ngati m'tchalitchi. Mukayang'anitsitsa muona thunthu lililonse lili ndi chilonda chochekedwa mopendekeka ndi kachikho kolandirira utomoni woyera. Pamsewu pamakhala anyamata akudundulitsa mipira yopota ndi labalayo kuti mugule. Apa zitunda zimayamba, zazifupi koma zotsatizana, ndiye sungani mphamvu. Nkhata Bay yeniyeniyo ili pansi, mumapatuka n'kutsika makilomita ochepa kukafika padoko. Funsani nsomba ya batala yokazinga.

Chitunda cha Mzuzu, chomwe mumafuna kuchitsika, mudzachikwera tsiku lomaliza miyendo itazolowera kale. Msewu wake anaumanganso, ndi wotakata ndipo phula lake ndi labwino kuposa lonse lomwe mwadutsa. Nyamukani mbandakucha, dutsani Mpamba kusanatenthe, ikani giya yopepuka ndipo musachite manyazi kuima. Mu Julayi ku Mzuzu kumazizira ndipo nthawi zina kumachita kamvula kowaza, choncho jekete ikhale pamwamba m'chikwama ngakhale mwanyamuka kunyanja mutavala malaya amodzi. Mukafika, njinga pa basi, kubwerera ku Lilongwe. Ena amathera pa Nkhata Bay n'kukwera Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Ngati mukufuna zimenezo funsani tsiku lake msanga, chifukwa imadutsa kamodzi pa sabata mbali iliyonse.

Za zipangizo. Okonza njinga ali pa malo a malonda alionse, pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndi akatswiri. Koma katundu wawo ndi wa njinga za kabaza. Chubu cha njinga yanu simudzachipeza. Ine tayala litandiphwera cha ku Kande, pampu yanga itathyoka, mkulu wokonza anatenga chubu changa, n'kuyang'ana valavu yake yopyapyala ija, n'kuyesa pampu yake, osalowa. Anadula kachidutswa ka chubu chakale, kukulunga pavalavupo, kumanga ndi mphira, mwana wake akupopa iye atagwira ndi zala. Mpweya unalowa wokwanira kundifikitsa pa Chintheche. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi machubu atatu, zigamba ndi guluu, pampu yolimba, kachitsulo kosinthira valavu, masipoko awiri ndi cholumikizira tcheni.

Madzi nyamulani mabotolo awiri aakulu, muzidzaza pa mijigo kapena kugula. Muziyamba cha m'ma 5:30 m'mawa, pofika 2 koloko mukhale mutafika. Mu Julayi kumada msanga, ndipo usiku pa M5 musayerekeze: mulibe magetsi, muli njinga zopanda nyali, ngolo, ndi maenje. Gonani mu neti, kunyanja malungo sasankha mwezi. Posamba, sankhani pomwe pali mafunde ndi mchenga woyera. Pa bango ndi pamadzi odikha pali likodzo, ndipo pomwe mitsinje ikuthirira m'nyanja pamakhala ng'ona. Funsani eni mudzi musanavule nsapato.

Mukatsimikiza masiku lembani pano. Pagulu pano sipangalephere kupezeka wina wa ku Mzuzu wotsika kudzakuchingamirani pa Mpamba kuti chitunda chija mukwere awiri.