Mchemwali, soneti musaitaye

Mchemwali wina wandilembera imelo, akuti akuwerenga ndakatulo za ku Germany za cha m'ma 1910 ndiye zamusokoneza. Bwanji anyamata omwe ankati akugwetsa zakale zonse ankalembabe soneti, ija ya mizere 14? Nanga iye asiye kulemba choncho?

Funsoli landikhudza kwambiri. Zaka zapitazo ndinalakatula ndakatulo yolira mayi anga pagulu la olemba anzanga, mizere yofanana kutalika, mawu akumapeto akuvomerezana, ndiye wina anangoti "izi nzachikale, imasuleni." Ndinabwerera kunyumba nkuiphwasula yonse usiku omwewo, koma chomwe chinatsala chinali phala lamadzi, chisoni chija chinathawamo. Pepala loyambalo ndinalisunga m'Baibulo la mayi, lilipobe, lachita kuda m'mbali chifukwa choligwiragwira. Mpaka pano zimandiwawa kuti ndinamumvera.

Ndiye nditakumana ndi ndakatulo za Jakob van Hoddis, mmodzi mwa alakatuli a ku Germany aja, mtima unakhala m'malo. Ndakatulo yake Weltende, kutanthauza kutha kwa dziko, inatuluka mu Januwale 1911 ku Berlin ndipo ili ndi mizere 8 basi. Chipewa chauluka pamutu pa bwana wa mtauni, okhoma madenga akugwa nkuthyoka pakati, nyanja ikusefukira, anthu ambiri agwidwa chimfine, masitima akugwa pamilatho. Dziko likuphwasuka koma mzere uliwonse ukuyenda mwadongosolo ngati asilikali pa perete, ndiye mantha ake amachokera pamenepo, chimfine ndi imfa zikunenedwa ndi liwu limodzi losanjenjemera.

Georg Heym, mlakatuli winanso wa ku Germany, ndiye amandipatsa misozi. Mzinda wa Berlin, utsi wake, mabwato ndi mafakitale, anaupanikiza mu soneti, buku lake Der ewige Tag linatuluka 1911, chaka chotsatira anamira mumtsinje wa Havel madzi oundana ataphwanyika akusewerapo ndi mnzake, ali ndi zaka 24 zokha. Georg Trakl, wa ku Austria uja ankagwira ntchito ya mankhwala, nayenso analemba masoneti odzadza ndi zovunda.

Sindikukana, analipo ena ngati August Stramm amene anaphwanya galamala yeniyeniyo mpaka mzere kutsala liwu limodzi, magazini ya Der Sturm inkawasindikiza. Ndimamulemekeza. Koma zoti amene waphwanya yekhayo ndiye watsopano, ayi, ndakana, limenelo ndi bodza lomwe lalanda olemba ambiri chida chawo.

Nanga inu mutani?

Tengani nkhani imene ikukusowetsani tulo, osati maluwa ndi mwezi, muilowetse m'mizere 14 yo. Werengani mokweza. Pamene mawu akukana kulowa musafulumire kukonza, yambani mwamvetsera kaye. Mukamaliza nditumizireni, ndiwerenga.