Ulaliki wa Lamulungu ndi Dola ya Lolemba

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera imelo kuti: "Ulaliki umandigwira mtima Lamulungu, koma pofika Lolemba zonse zimakhala zauluka. Ndichite chiyani?" Mayi, funso lanuli landikumbutsa manyazi anga.

Ndinakulira mu CCAP, mpingo umene agogo anga ochokera ku Dedza ankapempheramo atabwera kudzagwira ntchito, mzinda uno ukadatchedwa Salisbury. Sinodi yathu ya kuno inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo ine ndinkanyadira mbiri imeneyi ngati kuti ndi chiyero changa. Katekisima ndinamuloweza yense, mavesi ankatuluka pakamwa panga ngati madzi, koma zonsezi zinkathera pakhomo la tchalitchi.

Masiku amenewo ndinkaoda tomato ku Mbare Musika mbandakucha, ndipo panali mnyamata wina amene ankandikankhira mabokosi pangolo kukafika pokwerera makombi (maminibasi). Tinapangana dola imodzi pa ulendo. Aliyense wa ku Harare amadziwa mmene tchenji chimavutira kuno, moti nthawi zina m'sitolo amakupatsa maswiti m'malo mwa ndalama zotsala, choncho ndinapezerapo pobisalira. Ndinkangomuonetsa 10 dola n'kunena kuti, "Ubwere mawa." Tsiku lina anatula bokosi lomaliza, anapukuta thukuta ndi chipewa chake chong'ambika, n'kundiuza modekha kuti, "Bambo, mwana wanga sadya mawa, amadya lero." M'thumba la jekete langa munali madola atatu amene ndinasungira chopereka.

Levitiko 19:13 imanena mosabisa kuti malipiro a waganyu asagone kwa iwe kufikira m'mawa, ndipo Deuteronomo 24:15 ikupereka chifukwa chake: munthuyo ndi wosauka, mtima wake uli pa ndalama imeneyo. Ndinali nditawerengapo mavesiwa kangapo, koma m'maganizo mwanga olakwawo anali azungu a m'mafamu a fodya amene ankadyera masuku pamutu makolo athu. Sindinaganizepo kuti akunena ine.

Pano ndilankhula mosapsatira, ngakhale ena akhumudwa. Sindikhulupirira mapemphero ochezera usiku wonse a munthu amene wantchito wa pakhomo pake sanalandire malipiro a mwezi watha. Sindikhulupiriranso kusala kudya kwa wamalonda amene anakhoma pansi pa chitini choyezera nyemba kuti chizilowa zochepa, pamene Miyambo 11:1 imati muyeso wonyenga umanyansa Yehova. Walira mvula walira matope: tikapempha nzeru kwa Mulungu, tivomerenso kuti idzatidyera ndalama, chifukwa nthawi zambiri imayambira m'chikwama.

Choti muchite

Musayese kunyamula ulaliki wonse, mayi. Potuluka m'tchalitchi sankhani mfundo imodzi, ndipo muimangirire pa dzina la munthu mmodzi ndi tsiku limodzi, kaya ndi ngongole yoti mubweze Lachiwiri kapena apongozi oti muwaimbire foni. Uzani mnzanu wa ku Chigwirizano kuti adzakufunseni Lachinayi ngati mwachita. Ine ndinayamba ndi kusintha ndalama madzulo ndisanagone, kuti dola ya mnyamata uja izikhala payokha m'thumba la malaya.