Funsani kaye kuti kanemayo akagona m'manja mwa ndani

Achimwene, zoti muvale ngati Father Christmas n'kujambula kanema wa nthabwala pakati pa zionetserozi zandikwiyitsanso mwatsopano. Ine zimenezi ndinazichita ku Seattle, ku America, mu 1999, ndili pasukulu, sabata imene bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO linkachitira msonkhano kumeneko.

Inali nyengo yogula za Khrisimasi, masitolo atakongoletsedwa kale. Pa 30 Novembala anthu masauzande anatseka misewu mpaka mwambo wotsegulira msonkhano unalephereka. Apolisi anathira utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo za rabala, meya Paul Schell n'kuletsa zionetsero pakati pa tauni. Koma wopita kokagula zinthu ankadutsa, wonyamula chikwangwani ayi. Sewero lathu linali pamenepo: ine ndavala zofiira, ndevu za thonje, thumba kumsana, ndikugawira anthu timabokosi topanda kanthu n'kumati gulani, gulani, mukagula simumangidwa.

Ndiye utsi unafika. Ndevu zija zinamwa utsi wonse n'kundimatira kukamwa. Maso osatseguka, mamina chuchuchu, kukhosi ngati ndameza tsabola wa kambuzi. Ndinagwada m'mphepete mwa msewu ndikukokakoka kachingwe ka ndevu, iko osaduka. Anandithira madzi m'maso ndi mayi wina wachikulire wosandidziwa n'komwe. Mnzathu wa kamera anali chapomwepo, akungojambula. Sanatambasule mkono ngakhale pang'ono. Ndevu zitachoka nkhope yanga yonse inalowa m'tepi.

Ndinamudandaulira kuti adule mbali imeneyo, chifukwa ine ndinali mlendo wokhala ndi chitupa cha sukulu, iye kwawo ndi konko. Anavomera ndi pakamwa. Kenako ndikungomva kuti kanema akuonetsedwa m'misonkhano, nkhope yanga ili poyera, ati pamenepo ndi pamene pakugwira anthu mtima. Munthu woipa mtima ameneyo! Iye akuomberedwa m'manja, ine osagona tulo miyezi, kalata iliyonse yobwera ndikuganiza kuti ndi yondithamangitsa m'dziko. Ankalalikira zoti anthu asamasandutse chilichonse malonda, chonsecho misozi yanga anaigulitsa kuti atchuke.

Masiku ano n'zoopsa kuposa, chifukwa kanema akangokwera pa Facebook palibenso zochotsa. Gwirizanani musanatuluke m'nyumba kuti wodula kanema ndi ndani, ndipo amene mapepala ake ndi ofooka asayandikire kamera.

Komabe musaleke, jambulani ndithu, ndipo kamera isazime zikavuta. Ku Seattle kuja anamangidwa anthu opitirira 500 sabata imeneyo, ndipo za amene anawatola pa Westlake Park, bwalo la pakati pa tauni, khoti linadzagamula mu 2007 kuti anawamanga mophwanya malamulo, mzinda n'kulipira madola 1 miliyoni. Zotere zimafuna umboni. Kungoti ndevu za thonjezo zisiyeni, ndipo wina anyamule botolo la madzi.